Mafunso ndi Mayankho: Momwe Makompyuta Amathandizira Kukonzeratu Kakwezedwe ndi Katsitsidwe ka Mphamvu mu Ng'anjo za Nyukiliya

Mafunso awa ndinawasonkhanitsa kwa ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 a m'kalabu ya sayansi pasukulu imene ndimaphunzitsa kuno ku Kasungu, ndipo ena anachokera kwa aphunzitsi anzanga. Nkhaniyi inayamba ndi mtsikana wina amene, atamva za mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, anafunsa ngati makina opangira magetsi ndi yureniyamu amakwezedwa ndi kutsitsidwa monga momwe wapachigayo amachitira ndi injini yake ya dizilo. Chimene akatswiri amachitcha reactor ine ndachitcha ng'anjo, ngakhale mkati mwake mulibe malawi a moto. Liwuli si lachilendo kwathu kuno, popeza zotsalira za ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo zidakalipo m'nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu.

Kodi mu ng'anjo ya nyukiliya mumachitika chiyani kuti magetsi atuluke?

Ntchito ya ng'anjoyi ndi kutenthetsa madzi. Kanthu kakang'ono kwambiri kotchedwa nyutironi kakagunda atomu ya yureniyamu wa mtundu wa 235, atomuyo imagawika pawiri, imatulutsa kutentha, ndipo imaponya manyutironi ena awiri kapena atatu. Ngati mwa amenewa nyutironi imodzi yokha ndiyo ikukagawa atomu ina, mphamvu ya ng'anjo imakhala pamodzimodzi. Zikapitirira imodzi mphamvu imakwera, ndipo zikachepera imatsika. Kutenthako kumapanga nthunzi, nthunziyo imazunguza turbine, ndipo turbine imazunguza jenereta, ntchito imene ku Nkula ndi ku Tedzani amagwira ndi madzi a mtsinje wa Shire.

Mu Africa muno malo okhawo amene akupanga magetsi motere ndi Koeberg, pafupi ndi mzinda wa Cape Town ku South Africa, kumene kampani ya Eskom ili ndi ng'anjo ziwiri zimene zinayamba ntchito mu 1984 ndi 1985, iliyonse yotulutsa mamegawati oposa 900. Ng'anjo iliyonse ili ndi mitolo 157 ya yureniyamu, ndipo mtolo uliwonse uli ndi timachubu 264 tachitsulo cha zirconium todzaza ndi timibulu ta yureniyamu tonga nsonga ya chala. Madzi ozungulira m'mitoloyi amatentha kupitirira madigiri 300 koma sawira, chifukwa amapanikizidwa kwambiri. Mtundu umenewu umatchedwa PWR, ndipo ndi umene uli wofala kwambiri padziko lapansi, choncho mayankho ambiri ali m'munsimu akunena za iwo.

Nanga mphamvu yake amaikweza ndi kuitsitsa ndi chiyani?

Pali zida ziwiri zikuluzikulu, ndipo zonse ntchito yake ndi kumeza manyutironi. Choyamba ndi ndodo zoletsera, zimene zimalowa m'mitolo ija kuchokera pamwamba: zikalowa mphamvu imatsika, zikakokedwa imakwera. Chachiwiri ndi mankhwala a boron osungunulidwa m'madzi ozungulira aja. Ndodo zimagwira ntchito msanga koma zimaletsa kwambiri dera limene zafika, pamene boron amachedwa koma amafika paliponse mofanana. Palinso khalidwe la madzi enieniwo: akatentha kwambiri amapepuka, ndipo kugawika kwa maatomu kumachepa pakokha, kotero kuti turbine ikachepetsa nthunzi imene ikukoka, ng'anjo nayo imatsatira.

Ngati ndi choncho, chovuta n'chiyani? Bwanji osangokoka ndodo nthawi imene magetsi akufunika?

Funso ili ndilo phata la nkhani yonse. Chovuta n'chakuti ng'anjo ya nyukiliya imasunga zotsatira za zimene inachitiridwa maola apitawo, ndipo chimene chimachititsa zimenezi ndi mpweya wotchedwa xenon wa mtundu wa 135. Palibe chinthu china chodziwika chimene chimameza manyutironi kuposa iyeyu.

Xenon wambiri sabadwa mwachindunji pamene yureniyamu akugawika. Choyamba kubadwa ndi ayodini wa mtundu wa 135, amene amasanduka xenon pang'onopang'ono, theka lake pa maola pafupifupi 6 ndi theka alionse. Xenon nayenso amachoka m'njira ziwiri: amadzithera yekha, theka lake pa maola pafupifupi 9 alionse, komanso amatha akameza nyutironi. Ng'anjo ikakhala pamphamvu imodzi kwa masiku awiri kapena atatu, xenon wobadwa ndi xenon wochoka amafanana, ndipo zonse zimakhala bata. Koma mphamvu ikatsitsidwa, manyutironi amene ankadya xenon uja amachepa nthawi yomweyo, pamene nkhokwe ya ayodini imene inadzaza dzulo ikupitiriza kusanduka xenon ngati kuti palibe chasintha. Zotsatira zake n'zakuti xenon amachuluka mphamvu itatsika kale, ndipo amakankhira mphamvuyo pansi koposa pamene oyendetsa anafuna. Ng'anjo ikazimitsidwa kwathunthu, xenon amakwera kwa maola pafupifupi 10, amabwerera pamene anali pakatha pafupifupi tsiku, ndipo amatheratu pakatha masiku atatu. Mphamvu ikamakwezedwa zimachitika mosemphana: xenon amayamba wachepa, ng'anjo imafuna kuthamanga kupitirira muyeso, kenaka pakapita maola iye uja amabwerera.

Khalidwe limeneli linadzidzimutsa ngakhale akatswiri oyamba. Mu September 1944 ng'anjo yotchedwa B Reactor ku Hanford, m'dziko la America, itangoyatsidwa kumene inayamba kufooka yokha mpaka kuzima, ndipo patapita maola inadzukanso popanda woikhudza. Katswiri wa fizikisi John Wheeler ndiye anazindikira kuti xenon ndi amene ankachita zimenezi. Chinapulumutsa ntchitoyo n'chakuti mainjiniya a kampani ya DuPont anali atamanga machubu 2,004 m'malo mwa 1,500 amene asayansi ankati ndi okwanira, ndipo yureniyamu wowonjezera m'machubu otsalawo anagonjetsa xenon.

Tsono kompyuta imachitapo chiyani kwenikweni?

Imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kutsatira: nthawi ndi nthawi imalandira miyeso ya mphamvu, kutentha kwa madzi, pamene pali ndodo ndi kuchuluka kwa boron, ndipo imawerengera mmene mphamvu yagawikira mu ng'anjo monse, m'litali ndi m'mimba mwake, pamodzi ndi ayodini ndi xenon amene ali m'dera lililonse. Izi n'zofunika chifukwa palibe chida chimene chimayeza xenon mwachindunji mkati mwa ng'anjo yoyaka. Amadziwika powerengera kuchokera ku mbiri ya mphamvu ya masiku apitawo. Ntchito yachiwiri ndi kulosera, ndipo imeneyi ndiyo imatchedwa kukonzeratu ndondomeko.

Tiyerekeze kuti oyang'anira magetsi a dziko apempha kuti ng'anjo itsike kufika pa theka la mphamvu yake Loweruka 10 koloko usiku, ndi kubwereranso pamphamvu yonse Lamulungu 6 koloko m'mawa. Injiniya wa ng'anjo amalowetsa pempholi m'pulogalamu ola ndi ola, ndipo pulogalamuyo, poyambira pa mmene ng'anjo ilili panthawiyo, imamuonetsa maola onse akubwerawo m'mphindi zochepa. Imamuonetsa kuti xenon adzafika pachimake cha m'ma 3 kapena 4 koloko mbandakucha, kuti ndodo zidzayenera kukhala pati ola lililonse, ndi malita angati a madzi opanda boron amene adzafunika kuthiramo kuti mphamvu isagwe, komanso kuti akadzayamba kukweza m'mawa xenon adzatha mofulumira ndipo padzafunika kuwonjezera boron. Ikaonetsa kuti pa ola lina malire ena adzadumphidwa, injiniyayo amasintha ndondomeko, kaya potsika pang'onopang'ono, kaya poima pa 60 peresenti m'malo mwa 50, ndipo amayesanso mpaka atapeza njira yodutsa bwino. Chimene chimapita m'chipinda cha oyendetsa ndi pepala losainidwa la ndondomeko imene yayesedwa kale.

Mapulogalamu otere alipo angapo. Kampani ya Westinghouse ili ndi BEACON, kampani ya Studsvik ya ku Sweden ili ndi GARDEL, ndipo SCORPIO inapangidwa ku Halden m'dziko la Norway n'kukagwiritsidwa ntchito m'malo monga Dukovany ku Czech Republic. Mapulogalamu omwewa amawerengeranso pamene ndodo zidzakhale ng'anjo ikamadzayaka itazimitsidwa, ndipo ngati poyatsa zenizeni zasiyana kwambiri ndi zoloseredwazo, oyendetsa amabwezera ndodo mkati n'kuyamba afufuza chifukwa chake.

Kodi tingatsimikize bwanji kuti zimene kompyuta yalosera n'zoona?

Zimayerekezedwa ndi miyeso yeniyeni nthawi zonse. Kunja kwa chimphika cha ng'anjo kuli zida zowerenga manyutironi, pamwamba pa mitolo pali zida zoyeza kutentha kwa madzi otuluka, ndipo m'ng'anjo zambiri za PWR, pafupifupi mwezi uliwonse, tizida tating'ono timalowetsedwa m'timachubu ta pakati pa mitolo kuti tijambule mmene mphamvu ilili kuchokera pansi mpaka pamwamba. Ng'anjo zina zili ndi tizida tokhazikika mkati momwemo. Pulogalamu imadzikonza potengera miyeso imeneyi, ndipo malire amene imagwiritsa ntchito amasiyidwa ndi mpata wa zolakwika zimene zingakhalepo.

Mwatchula malire kangapo. Ndi malire a chiyani?

Awiri ndiwo amavutitsa kwambiri pokonza ndondomeko. Oyamba ndi a liwiro lokwezera mphamvu. Mphamvu ikakwera mwadzidzidzi, timibulu ta yureniyamu timafufuma msanga kuposa kachubu kamene kativeka, timakakankha kuchokera mkati, ndipo kachubuko kangathe kung'aluka n'kutulutsira zinthu za poizoni m'madzi. N'chifukwa chake ng'anjo imene yangoikidwa mitolo yatsopano, kapena imene yakhalitsa pamphamvu yochepa, imakwezedwa ndi maperesenti ochepa chabe pa ola.

Aliyense amene anachezerapo usiku pabalani ya fodya wa fuluu ku Chulu kapena ku Santhe angamvetse zimenezi mosavuta. Wosonkhezera moto amayamba ndi moto wochepa kuti tsamba lisanduke lachikasu, amakweza pang'onopang'ono akuyang'ana choyezera kutentha chopachikidwa m'balanimo, ndipo moto waukulu woumitsa msempha wapakati umabwera kumapeto. Akafulumira tsamba lidakali ndi madzi, fodya amada, ndipo ku Chinkhoma mtengo wake umagwa. Fanizoli limathera pomwepa, chifukwa balani ilibe chinthu chonga xenon chimene chimabwera chokha pakatha maola kudzatsutsana ndi wosonkhezera.

Malire achiwiri ndi a kagawikidwe ka mphamvu pakati pa theka lakumwamba ndi theka lakumunsi la ng'anjo. Popeza ndodo zimalowera pamwamba, zimakankhira mphamvu kumunsi. Kumunsiko xenon amayamba kutha msanga ndipo mphamvu imaonjezereka, pamene kumwamba xenon akuunjikana. Pakapita maola zinthu zimatembenuka, ndipo mphamvu imasamukira kumwamba. M'ng'anjo yaikulu kusinthana kumeneku kungathe kupitirira, ulendo umodzi wopita ndi kubwera kutenga pafupifupi tsiku lathunthu, ngakhale mphamvu yonse pamodzi ikuoneka yosasintha pa mita. Kuopsa kwake n'kwakuti dera lina lingathe kutentha kupitirira muyeso. Woyendetsa waluso amadziwa kuthetsa zimenezi posuntha ndodo panthawi yoyenera, koma nthawi yoyenerayo imafika maso asanaone vuto, ndipo apa m'pamene ine ndimaona kuti kompyuta imathandiza koposa pena paliponse.

N'chifukwa chiyani amati ng'anjo imavuta kuitsitsa ikamayandikira nthawi yosintha mitolo?

Ng'anjo za PWR zimayenda miyezi 12 mpaka 24, kawirikawiri 18, zisanazimitsidwe kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mitolo lisinthidwe. Poyamba yureniyamu amakhala wamphamvu, choncho m'madzi mumakhala boron wambiri, magawo oposa 1,000 pa miliyoni, ndipo amachepetsedwa tsiku ndi tsiku mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Boron amachepetsedwa pothira madzi oyera ndi kutulutsa osakanizika, monga momwe mayi amapunguzira mchere m'ndiwo powonjezera madzi. Masamu ake ndi awa: kuchotsa magawo 10 pamene alipo 1,000 kumafuna madzi okwana 1 peresenti ya madzi onse ozungulira, koma kuchotsa magawo 10 omwewo pamene atsala 50 kumafuna madzi oposa 20 peresenti. Xenon sadikira kuti madzi onsewo alowe. Motero pempho lotsitsa mphamvu limene linali losavuta m'mwezi wachitatu likhoza kukanidwa m'mwezi wa 17, chifukwa pulogalamu yaonetsa kuti ng'anjo ikatsika siidzatha kubwerera panthawi yake.

Kodi ndiye kuti kompyuta ndiyo imayendetsa ng'anjo?

Ayi. Pulogalamu yokonzera ndondomeko imalangiza chabe, ndipo siilumikizidwa ku ndodo. Oyendetsa ndi anthu okhala ndi ziphaso, amene amaphunzitsidwa ndi kuyesedwa mobwerezabwereza m'chipinda choyeserera chofanana ndendende ndi chenichenicho. Kuwonjezera apo pali makina oteteza oima paokha, amene akaona kuti mphamvu, kutentha kapena kupanikizika kwa madzi kwadumpha malire, amadula magetsi a maginito ogwira ndodo, ndipo ndodozo zimagwera mkati ndi kulemera kwake m'masekondi awiri kapena atatu. Ngakhale zitatero ng'anjo imapitiriza kutulutsa kutentha kokwana 6 kapena 7 peresenti ya mphamvu yake panthawi yomweyo, kumene kumachepa pang'onopang'ono, ndipo kulephera kuziziritsa kutentha kotsalaku ndiko kunadzetsa ngozi ya ku Fukushima ku Japan mu March 2011.

Kulekanitsa makompyuta olangiza ndi makina oteteza kuli ndi chifukwa chooneka. Mu January 2003 kachilombo ka pakompyuta kotchedwa Slammer kanalowa m'makompyuta a malo opangira magetsi a nyukiliya a Davis-Besse m'chigawo cha Ohio ku America, n'kuzimitsa kwa maola pafupifupi asanu makina oonetsa miyeso yachitetezo. Mwamwayi ng'anjoyo inali yozima kale panthawiyo.

Ku Chernobyl kunalibe kompyuta kodi?

Inalipo, ndipo dzina lake linali SKALA. Pa 25 April 1986 ng'anjo yachinayi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya amenewa, ku Ukraine, inatsitsidwa kufika pa theka pokonzekera kuyesa turbine, koma masana woyang'anira magetsi wa ku Kiev anapempha kuti isatsike kupitirira apo, ndipo inakhala choncho mpaka cha m'ma 11 koloko usiku. Itayambanso kutsitsidwa, mphamvu inagwa mpaka mamegawati pafupifupi 30 a kutentha m'malo mwa 700 amene ankafunika. Xenon anachuluka, ndipo pofuna kukwezanso mphamvu oyendetsa anakoka ndodo zambiri mpaka anafika pa mamegawati 200. Lamulo linali lakuti mkati mutsale mphamvu yoletsa yofanana ndi ndodo zosachepera 15, koma chiwerengero chimenechi sichinkaoneka pa mita iliyonse patsogolo pawo. Chinkawerengedwa ndi pulogalamu yotchedwa PRIZMA, imene inkatenga mphindi zingapo kuti itulutse yankho. Ng'anjo inaphulika nthawi ya 1:23 usiku wa pa 26 April.

Sikungakhale chilungamo kunena kuti kompyuta yofulumira ikanaletsa ngoziyo payokha. Lipoti la mu 1992 la akatswiri a IAEA, bungwe la padziko lonse loona za mphamvu ya nyukiliya, linaika mlandu waukulu pa kapangidwe ka ng'anjoyo, imene inali ya mtundu wotchedwa RBMK, kuphatikizapo ndodo zake zimene polowa zinkayamba zawonjezera mphamvu kumunsi zisanaletse. Komabe nkhaniyi ikuonetsa bwino kuti ndondomeko ikasokonezedwa ndi maola asanu ndi anayi, iyenera kuwerengedwanso kuyambira pachiyambi.

Ngati kutsitsa kuli kovuta chotere, amatsitsiranji?

M'mayiko ambiri amayesetsa kusatsitsa, chifukwa ndalama zambiri za ng'anjo zimapita pomanga osati pogula yureniyamu, ndiye ola lililonse la mphamvu yochepa ndi kuluza. Koma ku France, kumene pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsi amachokera ku nyukiliya, sangachitire mwina koma kutsatira kakwezedwe ndi katsikidwe ka zofuna za anthu, makamaka usiku ndi kumapeto kwa sabata, ndiponso masana pamene magetsi a dzuwa achuluka. Kumeneko kampani ya EDF imagwiritsa ntchito ndodo zina zoletsa pang'ono, zimene sizisokoneza kwambiri kagawikidwe ka mphamvu. Zifukwa zina zimachokera kunja: m'chilimwe cha 2022 ng'anjo zina za m'mbali mwa mitsinje ya Rhône ndi Garonne zinatsitsidwa chifukwa madzi a m'mitsinjeyo anatentha, ndipo mu 2011 malo a Torness ku Scotland anazimitsidwa tizilombo tam'nyanja totchedwa jellyfish titatseka masefa a madzi oziziritsira, monga momwe namasupuni amatsekera makina pa Shire.

Malawi ali ndi yureniyamu. Kodi sitingamange ng'anjo yathu?

Yureniyamu wa ku Kayelekera, kumene kampani ya Paladin inayamba kukumba mu 2009 n'kuimitsa mu 2014 mitengo itagwa, ndipo Lotus Resources inagula mgodiwo mu 2020, amatuluka ngati ufa umene sungalowe mu ng'anjo mmene ulili. Mwa yureniyamu wachilengedwe, wa mtundu wa 235 ndi 0.7 peresenti yokha, ndipo ng'anjo ya PWR imafuna 3 mpaka 5 peresenti. Kumuchulukitsa kuti afike pamenepo ndi ntchito imene imachitika m'mafakitale a mayiko ochepa okha. Malamulo tili nawo kuyambira 2011, ndipo tilinso ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, koma vuto lalikulu ndi kuchepa kwa magetsi athu onse. Akatswiri amalangiza kuti makina amodzi asapitirire pafupifupi 10 peresenti ya magetsi onse olumikizana, kuti akazima mwadzidzidzi ena athe kunyamula katunduyo. Ng'anjo imodzi ya ku Koeberg imaposa magetsi onse amene Malawi amapanga. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinalili namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 okha. Dziko la Egypt, limene linayamba kumanga ng'anjo zinayi ku El Dabaa mu 2022, lili ndi magetsi ochuluka kutiposa maulendo makumimakumi.

Wophunzira wa kuno angayambire pati ngati akufuna kumvetsa ntchito imeneyi?

Ayambire pa masamu ndi fizikisi, makamaka phunziro la kutha kwa zinthu ndi theka panthawi yoikika, limene lili kale m'silabasi ya MSCE. Mapulogalamu enieni amawerengera madera zikwi zambiri nthawi imodzi, koma mtima wa nkhani ya xenon ndi mizere iwiri yokha ya masamu, wina wa ayodini ndi wina wa xenon, ndipo imakwana pa Excel. Tinayesa zimenezi Lachisanu lina masana pa laputopu yanga, ophunzira khumi ndi awiri ataunjikana pa desiki limodzi. Mtsikana amene anafunsa za injini ya pachigayo uja ndiye ankalemba. Tinapanga mizati inayi, wa ola, wa mphamvu, wa ayodini ndi wa xenon, tinasiya mphamvu pa 100 kwa maola 72 kuti manambala akhazikike, kenaka iye analemba 0 pa ola la 73 n'kukokera masamuwo pansi. Mnyamata wina anati talakwitsa, chifukwa mzere wa xenon unayamba kukwera m'malo motsika, ndipo tinabwerezanso kuwerenga mzati uliwonse kawiri osapeza cholakwa. Mzerewo unakwera mpaka cha pa ola la 83, kenaka unapindika n'kuyamba kutsika.